"Magazi amene mukumuikawa akupita kuti?" Lipoti la mtsikana wa aplastic anaemia ku Nkhotakota

Ndine clinical officer, ndimagwira ntchito m'boma la Nkhotakota. Kuno kunyanja tsiku silidutsa osaona munthu woyera m'manja ndi m'zikope. Malungo, likodzo, njoka za m'mimba, amayi oyembekezera, ana a sickle cell, onsewo amabwera ndi magazi ochepa, ndipo ambiri timawathandiza n'kuchira. Kuzolowera kumeneko ndi kumene kunandiphimba m'maso pa mtsikana amene ndikulemba nkhani yake. Mayi ake anavomera kuti ndilembe, koma dzina ndi mudzi ndasiya.

Anali ndi zaka 16, wa Fomu 2, wolemera makilogalamu 46, wachiwiri kubadwa mwa ana anayi. Bambo ake anamwalira kalekale. Mayi ake amalima mpunga ndi chinangwa, ndipo nthawi zina amapikula usipa padoko n'kukagulitsa kumsika. Kumapeto kwa Januwale mtsikanayu anayamba kumva chizungulire, ndipo mtima unkathamanga akasenza ndowa kuchokera kumjigo. Kuchipatala chaching'ono cha kwawo anamupeza ndi malungo, anamupatsa LA. Thupi linasiya kutentha koma kufooka kunakhalabe.

Kugonekedwa koyamba ndi kwachiwiri

Anafika kwa ife pakati pa Febuluwale. Hb, muyezo wa kuchuluka kwa magazi m'thupi, inali 5.8. Anandiuza kuti miyezi iwiri yapitayo wakhala akusamba masiku 9 kapena 10, pomwe kale ankatha masiku 4. Mumkodzo tinapezamo mazira a likodzo, zomwe sizodabwitsa kwa mwana wokulira m'madzi a m'nyanja ndi m'madambo a mpunga. Malungo, msambo wochuluka, likodzo: zifukwa zitatu zomveka, ndipo sindinaone chofuniranso chachinayi. Tinamuika thumba limodzi la magazi, ndinamulembera praziquantel, albendazole, ferrous sulphate ndi folic acid, komanso bulufeni wa ululu wa msambo. Full blood count, kuyeza kumene kumawerenga maselo onse a m'magazi, sindinapemphe.

Kumapeto kwa Malichi anabweranso, Hb ili pa 4.9. Choyamba chimene ndinaganiza n'chakuti sakumwa mankhwala, ndipo ndinamukalipira pamaso pa mayi ake. Mayiwo sanayankhe. Anangomasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa timapepala ta mankhwala topanda kanthu. Anawonjezera kuti akumumwetsa chidede, madzi a masamba a mapeyala ndi Sobo wofiira uja, monga anthu amachitira pofuna kuwonjezera magazi. Kenako ndinaganizira za mimba yochotsedwa. Ndinawapempha mayi aja kuti atuluke, ndinamufunsa payekha, tinayeza mkodzo. Analibe mimba.

Ulendo umenewu full blood count inachitika. Kapepala kakang'ono ka makina a kulabu kanamatidwa m'failo, ine ndinazungulitsa bolopeni pa Hb, ndinalemba kuti aikidwe matumba awiri, ndinapita pa bedi lotsatira. Inali nyengo ya mvula, wodi itadzaza ndi malungo, ena atagona pansi. Sindikunena izi podziikira kumbuyo. Pa kapepala komweko, mizere ingapo kuchokera pamene ndinazungulitsapo, panali maselo oyera 1.9, ma platelet (timaselo toletsa magazi kutuluka) 14 ndi MCV (kukula kwa maselo ofiira) 101. Maso anga anadutsapo osawerenga.

Funso la mayi ake

Sabata yomaliza ya Epulo anabwera ndi kamfuno kamene kanayamba madzulo mpaka kucha, atatseka mphuno ndi kansalu konyowa ndi magazi. Ndikulemba fomu yopempha magazi, mayi ake anayandikira n'kunena motsitsa mawu: "Adokotala, pepani ndifunse nawo. Magazi amene mukumuikawa akupita kuti? Aka n'kachitatu." Ndinalibe yankho.

Nthawi yomweyo namwino amene ankaika kanyula anandiitana. Pamkono pamene anamanga gulovu kuti mtsempha uoneke panatuluka timadontho tofiirira tambirimbiri, tondondozana ngati mkanda. Pakhungu lakuda timadontho totere timabisala, choncho ndinamutengera pawindo pamene pali dzuwa. Tinali m'miyendo monse, m'kati mwa zikope, ndi kumwamba kwa m'kamwa. Kumbali ya tsaya kunali chithuza cha magazi chachikulu ngati njere ya nyemba, nkhama zikuchucha. Pathako lakumanzere panali chotupa cholimba chakuda pamene anabayidwa jakisoni wa diclofenac pakachipatala kolipira sabata yapitayo. Ndinatsegula failo yakale, ndinapeza kapepala kanga kaja.

Zotsatira za tsiku limenelo: Hb 4.1, maselo oyera 1.4, mwa amenewo ma neutrophil (olimbana ndi tizilombo) 0.4, ma platelet 8, MCV 103.

Ndikumbutse zimene tonse tinaphunzira koma timaziiwala m'wodi. Maselo ofiira, maselo oyera ndi ma platelet onse amachokera ku maselo a mbewu amene ali m'mafuta a m'mafupa, makamaka m'chiuno, m'msana, m'nthiti ndi m'fupa la pachifuwa. Selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120, platelet masiku 7 mpaka 10, neutrophil sakhalitsa n'komwe m'magazi. Kopangirako kukaima, ma platelet ndi ma neutrophil amagwa msanga, Hb imatsika pang'onopang'ono pambuyo pake. Ndiye msambo wochuluka umene ndinautenga ngati choyambitsa unali chizindikiro cha ma platelet ochepa. Ndipo ine ndinawonjezerapo bulufeni, amene amafooketsa ma platelet ochepa otsalawo. MCV nayo inkandikuwira: munthu wotaya magazi kwa miyezi ndi msambo kapena likodzo maselo ake amachepa msinkhu, MCV imatsika pansi pa 80. Yake inali pamwamba pa 100.

Zimene tinayamba tachotsa

Mizere itatu yonse ikatsika, aplastic anaemia, matenda amene mafuta a m'mafupa amaleka kupanga maselo a magazi, sikhala yoyamba kuiganizira, ndipo n'zoyenera kutero. Ku Ulaya ndi ku America imagwira anthu pafupifupi 2 mwa 1 miliyoni pachaka, ku Asia kuwirikiza kawiri kapena katatu. Kwathu kuno zoyambitsa zofala ndi zina. HIV tinayeza kawiri, analibe, ndipo sankamwa Bactrim kapena zidovudine, mankhwala amene amatha kugwetsa maselowa. Kapamba wamkulu, amene amameza maselo mwa anthu a likodzo la m'matumbo kapena malungo obwerezabwereza, ndinamufufuza ndi dzanja kenako ndi sikani: sanali wotupa, chiwindi chili bwinobwino. Analibe mwanabere m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche, mafupa sankamupweteka. X-ray ya pachifuwa inali yoyera, sankatsokomola kapena kutuluka thukuta usiku. Hepatitis B analibe, chikasu sanadwalepo. Popeza midzi ya kwawo siitalikirana ndi nkhalango ya Nkhotakota kumene kuli kashembe, ndinapempha wa kulabu kuti afufuzenso tizilombo ta kaodzera, chifukwa matenda amenewa amagwetsa Hb ndi ma platelet ndithu. Sanapeze kanthu.

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi galasi la magazi pa maikulosikopu. Ndinapita ndekha kulabu kukaona pamodzi ndi mnzanga wa kumeneko. Galasi linali ngati mudzi wosamukidwa: maselo ofiira apa ndi apo, ooneka bwino, ma platelet osowa, maselo oyera ambiri ali ma lymphocyte. Ma blast a khansa ya m'magazi panalibe. Ma neutrophil ogawikagawika a kuchepa kwa B12 kapena folate panalibenso. Ma reticulocyte, amene ndi maselo ofiira ongobadwa kumene, anawerenga pamanja n'kupeza 0.2 peresenti. Munthu wa Hb 4 amene m'mafupa mwake muli moyo amatulutsa ana amenewa ochuluka. Kapamba wosatupa, ma blast palibe, ma reticulocyte pansi: apa m'pamene ndinalemba aplastic anaemia m'failo, ndi chizindikiro cha funso kutsogolo kwake, chifukwa khansa ya m'magazi ina imabisala m'mafupa osaonekera pagalasi.

Safunsa anadya phula. Kawiri konse ndinali ndisanafunse za mankhwala amene anamwapo asanadwale. Nditafunsa, mayi ake anakumbukira kuti mu Novembala mwana anatentha thupi ndi kupweteka m'mimba, anthu n'kumati ndi taifodi, ndipo anagula makapisozi kwa venda pamsika. M'mawa mwake anabwera ndi kachitini ka Blue Band kosungiramo mankhwala a pakhomo. M'katimo munali kachidutswa ka pepala la chloramphenicol 250 mg, makapisozi awiri atatsala. Mankhwalawa amadziwika kuti amatha kuumitsa mafuta a m'mafupa mwa munthu mmodzi pa anthu 24,000 mpaka 40,000 amene amwa, mosatengera kuchuluka kwake, ndipo vutolo limatulukira patapita masabata kapena miyezi. Palibe kuyeza kumene kumatsimikiza kuti ndiwo anayambitsa, ndipo odwala ambiri a matendawa choyambitsa sichipezeka: asilikali a m'thupi a mtundu wa T amangotembenukira maselo a mbewu aja. Mayi aja sindinawauze kuti makapisozi awo ndiwo adwalitsa mwana. Ndinawauza kuti asadzamwenso aliyense pakhomopo popanda kulemberedwa. Ndinafunsanso za petulo, mankhwala ophera tizilombo m'munda ndi mankhwala a khunyu, sizinamukhudze. Ndinayang'ana msinkhu wake, zala zazikulu za m'manja ndi mawanga a pakhungu poganizira Fanconi anaemia, mtundu wobadwa nawo, koma zonse zinali bwino.

Zimene tinachita tisanamutumize

Ndinaletsa bulufeni, asipirini, diclofenac ndi jakisoni aliyense wa mumnofu, ndipo ndinalemba zimenezi papepala lalikulu kumutu kwa bedi. Ferrous sulphate, mapilitsi a ayironi aja, ndinasiyitsa. Thumba lililonse la magazi limabwera ndi ayironi pafupifupi mamiligalamu 200 mpaka 250 amene thupi lilibe njira yomutulutsira, ndiye panalibe chifukwa chowonjezerera. Pa kamfuno ndi nkhama ndinayambitsa tranexamic acid, koma nditayamba ndaona kuti mkodzo ulibenso magazi, chifukwa mankhwalawa mwa munthu wokodza magazi amatha kuumbitsa zibuma zotseka njira ya mkodzo. Kuno kwa likodzo musaiwale zimenezi. Msambo tinauimitsa ndi mapilitsi a norethisterone. Mnzanga wina anati timubaye Depo, ndinakana chifukwa cha chotupa chija cha pathako. Mswachi anasiya, ankatsuka m'kamwa ndi kansalu kofewa ndi madzi amchere. Tinamusamutsira pakona ya wodi kutali ndi otsokomola.

Za magazi panali kukambirana. Amalume ake, mwini mbumba, anafika ndi anyamata atatu a m'banjamo okonzeka kupereka. Malangizo amati wodwala amene angadzaikidwe mafuta a m'mafupa a m'bale wake asalandire magazi a achibale, chifukwa thupi limaphunzira kuwakana ndipo lingadzakanenso mafutawo. Ndinkadziwa kuti mwayi woti afike pamenepo unali wochepa kwambiri, koma sindinafune kutseka chitseko ndi manja anga. Komanso kubweza anthu amene abwera kudzapereka magazi m'dziko muno ndi tchimo. Tinagwirizana kuti apereke, magazi awo athandize odwala ena, mtsikanayu alandire a ku Malawi Blood Transfusion Service. Ma platelet paokha sitisunga: amafuna kutentha kwa madigiri 20 mpaka 24, kugwedezedwa usana ndi usiku, ndipo amatha masiku 5 okha. Chimenecho chinali chifukwa china chomutumizira ku Lilongwe msanga.

Pofotokozera banja ndinagwiritsa ntchito mpunga, poti ndi umene amaudziwa. Ndinati: "Mayi, inu ndi amalume, magazi sakupita kwina kulikonse. Palibe akumupopa. M'mafupa muli ngati nazale. Nazale ya mwanayu yauma, ndiye ife tikungobwereka mbande kwa anthu ena. Mbande zobwerekazo zimakalamba n'kutha, zatsopano sizikumera." Amalume aja anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Nanga mbewu yake ingapezeke kuti?" Anali atamvetsa kuposa mmene ndinkayembekezera. Anandiuzanso poyera kuti kumudzi anthu akuloza zala gogo wina. Sindinanyoze maganizo amenewo, ndinangopempha kuti asamuteme mphini, chifukwa magazi ake sangaleke kutuluka. Analonjeza, ndipo anasunga.

Ndinaimbira foni dokotala wa ku Kamuzu Central Hospital tisananyamuke, tinamuika matumba awiri, tinadikira kuti kamfuno kaleke kwa tsiku lathunthu. Ulendo wodzera ku Salima ndi wa makilomita pafupifupi 200, ndipo ndinapempha dalaivala kuti asathamange m'mabampu, namwino akhale naye kumbuyo.

Yankho la m'fupa

Kumeneko anamuika ma platelet, anatenga madzi ndi kachidutswa ka fupa kumbuyo kwa chiuno. Zotsatira zinati maselo opanga magazi sakufika 10 peresenti, kwina konse ndi mafuta okhaokha, palibe khansa, palibe TB. Wa msinkhu wake amayenera kukhala ndi pafupifupi 80 peresenti. Pa muyezo wa Camitta, matendawa amatchedwa aakulu ngati maselo a m'fupa ali pansi pa 25 peresenti, kuphatikiza ziwiri mwa zitatu izi: ma neutrophil pansi pa 0.5, ma platelet pansi pa 20, ma reticulocyte otsika kwambiri. Iye anali nazo zonse zitatu.

Matendawa anafotokozedwa koyamba ndi Paul Ehrlich mu 1888, ndipo masiku ano ali ndi chithandizo. Wachinyamata amene ali ndi m'bale wa bere limodzi wogwirizana naye HLA (zizindikiro za pamaselo zimene thupi limazindikirira maselo ake) akaikidwa mafuta a m'mafupa, 8 kapena 9 mwa 10 amapulumuka. M'bale aliyense ali ndi mwayi umodzi mwa inayi wogwirizana, ndipo iye anali ndi abale atatu. Popanda zimenezo pali ATG ya kavalo pamodzi ndi ciclosporin, mankhwala ofooketsa asilikali a m'thupi aja, amene amathandiza pafupifupi awiri mwa atatu, ndipo tsopano amawonjezerapo eltrombopag. Kuika mafuta a m'mafupa sikuchitika ku Malawi, odwala amapita kunja monga ku India kapena ku South Africa, ndipo ndalama zake banja la usipa silingazilote. Chimene chinali chotheka ndi ciclosporin payekha, amene mphamvu yake ndi yocheperapo kusiyana ndi akaphatikizidwa ndi ATG. Madokotala anawauza zimenezi mosabisa. Amalume anagulitsa matumba a mpunga wa chaka chimenecho ndi mbuzi, ndipo mankhwala anayamba kumayambiriro kwa Juni, mamiligalamu 5 pa kilogalamu patsiku, ogawa kawiri.

Anabwerera kwa ife kuti tizimuona masabata awiri alionse: full blood count, BP ndi creatinine, poti ciclosporin amakweza BP ndi kuvulaza impso. Miyezi imeneyo inali yabwinoko. Msambo unaima, kamfuno kanachepa, ndipo nthawi ya pakati pa kuikidwa magazi inatalikirapo pang'ono, ngakhale ndikuganiza kuti chinathandiza kwambiri ndi kuleka kutaya magazi. Ma platelet anayendayenda pakati pa 9 ndi 16, ma neutrophil sanadutse 0.5. Ankabwera ndi makope ake a sukulu, n'kumadandaula kuti mankhwala akumumeretsa tsitsi m'masaya. Ciclosporin amafuna miyezi 3 mpaka 6 kuti aoneke ngati akugwira ntchito. Ndalama zinatha pa sabata ya 11.

Apa ndimadzifunsabe. Kodi kunali koyenera kulola banja kugulitsa chakudya cha chaka chonse pa mankhwala amene tinkadziwa kuti mwina sangawafikitse kumapeto? Maganizo anga lero ndi akuti chisankho chinali chawo ndipo anali ndi ufulu wochipanga, koma ndinayenera kukhala nawo pansi ndi pepala, kuwerengera mtengo wa miyezi 6 yonse asanagule botolo loyamba. Ndinawerengera nawo za mwezi umodzi wokha.

Masiku atatu omaliza

Ndinali nditawauza kambirimbiri kuti thupi likangotentha abwere tsiku lomwelo, usiku kapena usana, chifukwa munthu wopanda ma neutrophil tizilombo timamugonjetsa m'maola ochepa. Ndinalembanso m'buku lake la kuchipatala. Koma ndinalemba m'Chingerezi chachidule cha ife tokha, patsamba la m'kati, pakati pa zolemba zina zambiri. Sindinaimbire anzathu a pachipatala chaching'ono cha kwawo kuwadziwitsa za iye, ndipo sindinafunse kuti usiku angapeze kuti ndalama ya njinga yamoto.

Lachisanu lina kumapeto kwa Seputembala thupi linatentha madzulo. Anamupatsa panado. Loweruka m'mawa anapita pachipatala chaching'onocho, malungo sanapezeke, anapatsidwa amoxicillin n'kubwerera kunyumba. Sindikumuimba mlandu amene anamuona: pamaso pake panali mtsikana woyenda yekha, wotentha thupi, wopanda chifuwa kapena bala la mafinya. Wopanda ma neutrophil sapanga mafinya, ndiye zizindikiro zimene timadalira sizioneka. Anafika kwa ife Lolemba m'mawa atanyamulidwa, thupi lili pa madigiri 39.8, BP 70/40, manja ozizira, akudandaula ululu kumalo ochitira chimbudzi kumene kunali kofiira ndi kolimba. Ma neutrophil anali 0.1. Tinayamba ceftriaxone ndi gentamicin wa mumtsempha mphindi 20 zisanathe, madzi a m'diripi, okosijeni ndi magazi. Anamwalira usiku womwewo, patadutsa miyezi 8 chiyambireni chizungulire chija.

Kodi masabata 10 a pakati pa kugonekedwa koyamba ndi tsiku limene ndinawerenga kapepala kaja akanasintha mapeto? Mwina ayi, poti chithandizo chenicheni sichikanapezekabe. Koma akanamupulumutsa ku bulufeni, ku jakisoni wa pathako, ku miyezi iwiri ya msambo wosaleka, ndi ku kukalipiridwa ndi ine.

Chichokereni apo tasintha zinthu zingapo m'wodi mwathu. Aliyense wobwera kudzaikidwa magazi kachiwiri m'miyezi itatu, magazi a full blood count ndi galasi amatengedwa thumba lisanapachikidwe, chifukwa pambuyo pake mumakhala mukuyeza maselo a munthu wina. Polemba zotsatira m'failo timalemba manambala anayi, Hb, maselo oyera, ma platelet ndi MCV, ndi dzanja, kuti diso likakamizike kuima pa iliyonse. Wodwala wa ma neutrophil ochepa timamulembera pachikuto cha buku lake ndi inki yofiira, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, kuti akatentha thupi alandire mankhwala a mumtsempha nthawi yomweyo n'kutumizidwa, asabayidwe mumnofu, ndipo pansi pake pamakhala nambala ya foni ya wodi. Chipatala cha kwawo timachiimbira tsiku lomutulutsa.

Patapita milungu itatu maliro atachitika, mayi aja anabwera ndi ana awo atatu otsala. Anati akufuna ndiwayeze onse, "mizere yonse ija, adokotala, osati umodzi." Tinawayeza. Wamng'ono kwambiri, mnyamata wa zaka 9, anali ndi Hb 10.2, MCV 74 ndi mazira a likodzo mumkodzo. Maselo oyera ndi ma platelet a onse atatu anali bwino. Ndinamulembera praziquantel ndi ferrous sulphate, ndipo ndinawauza kuti abwere nayenso pakatha mwezi.